Dzina lapakati la mwana wamkazi: gwirizanani msanga, ndipo mulembe nokha

Abale anga a ku Thyolo ndi ku Mulanje amene mukuyembekezera mwana kuno ku Joni, nkhani ya mayina muiyambe mimba isanafike pothera. Ndikudziwa kuti kwathu sitichita choncho. Kwathu timadikira mchombo ugwe, mayi atuluke m'chikuta, ndiye agogo kapena azakhali abwere ndi dzina pamodzi ndi kangachepe ka mwana. Koma kuno lamulo likuti mwana alembetsedwe ku Home Affairs pasanathe masiku 30. Anzathu a ku England ali ndi masiku 42, a ku Scotland 21 okha. Pamene agogo ku Thekerani akusakasaka pogwira netiweki, masikuwo akutha. Akakuuzani kuti kutchula dzina mwana asanabadwe n'kulaula, musakangane nawo. Apempheni alikonzeretu mumtima, tsiku lobadwa angolinena.

Maganizo anga ndi akuti pa mayina awiri a mwana, loyamba ndi lapakati, limodzi likhale la kwathu. Loyamba likakhala la kutchalitchi, Grace kapena Agnes, lapakati likhale Tiyamike, Chisomo, Alinafe, Tadala. Loyamba likakhala la Chichewa, lachizungu libwere pambuyo, ngati mukulifunadi. Mayi woyamba kukhala loya m'Malawi anali Vera Mlangazua Chirwa, ndipo dzina lapakatilo silinawatsekere khomo lililonse. Mwana wobadwira kunja adzakula akuyankhula Chizulu ndi Chingerezi, mwina Chilhomwe osachimva n'komwe. Dzinalo ndi lomwe lidzamuchititsa kufunsa kuti kwathu n'kuti.

Lalitali liziyenda ndi lalifupi. Chiyembekezo Chimwemwe ndi katundu, ndipo mayina awiri oyamba mofanana, monga Chisomo Chikondi kapena Tadala Takondwa, amagundana pakamwa. Liitaneni mokweza limodzi ndi dzina la bambo, ngati mukuitana mwana amene wachedwa kumjigo, mumve ngati likutuluka bwino. Muganizenso za pakamwa pa eni dziko. Kuno Mphatso sawavuta chifukwa iwonso ali ndi a Mpho, ndipo Thokozani ali nalo kale. Koma ku England mphunzitsi akaona "ph" amatchula ngati "f", mwana n'kumangokhalira kukonza anthu. Dzina lotere likhale lapakati, si vuto.

Za mayina oyankhira adani, chonde tasiyani. Ndaziona, Mwandida, Masautso. Mkangano wanu ndi alamu anu udzatha chaka chamawa, mwana adzatsala nalo mpaka ukalamba, pa chifukwa chimene iye sakuchidziwa.

Chovuta chenicheni ndi kuchuluka kwa ofuna kutcha. Kwathu kuja n'kwa chikamwini, malume a mayi wa mwana ali ndi mawu, kuchimuna nakonso akuti mwana woyamba timatcha ndife, abusa nawo ali ndi la ubatizo. Mukafuna kusangalatsa onse, mwana akhala ndi mayina anayi. Papepala ikanipo awiri ndi la bambo, kwatha. Enawo akhale a pakhomo, agogo azimuitana nawo pa WhatsApp. Tayang'anani m'munsi mwa tsamba la chithunzi la pasipoti yanu: mzere umene makina amawerenga uli ndi malo a zilembo 39 zokha za mayina onse, zikapyola amadula. Kachizindikiro ka mu "ng'" samakalemba pamenepo, ndipo kadenga ka pa "ŵ" makompyuta ena sakadziwa. Komanso chizolowezi chathu chotenga dzina loyamba la bambo n'kulisandutsa la banja, lero ili mawa lija, chithere pamudzi. Sankhani limodzi, likhale lomwelo ponseponse.

Kulembetsa kwenikweniko sindichedwapo: tengani umboni wa kuchipatala, mapasipoti anu ndi mapemiti ngati alipo, mupite nonse awiri. Dzina la pa buku la sikelo lija, Road to Health, lifanane ndi la pa setifiketi.

Tsopano mumve zimene anandichita dobadoba. Mwana wanga mayina ake ali bwinobwino pa setifiketi ya kuno, loyamba la kutchalitchi, lapakati Tiyamike, limene anatcha agogo ake a ku Luchenza. Itakwana nthawi yomupangira pasipoti ya kwathu, panapezeka mkulu wina pa gulu lathu la WhatsApp, Mmalawi mnzathu, woyankhula mokoma, wotchula Mulungu pa mawu aliwonse. Anati ali ndi anthu ake m'kati, zonse azithamangitsa, ine ndisajombe kuntchito. Ndinamupatsa fotokope ya setifiketi yowerengeka bwino, ndi ndalama yokwana lendi ya mwezi. Mafomu anati adzaza yekha, "achimwene musavutike, izi ndimapanga daily."

Pasipoti inabwera mochedwa, koma inabwera. Kutsegula, Tiyamike wasanduka Tiyamika, ndipo wamuika pa malo a dzina la banja. Dzina la banja lenilenilo palibe, m'malo mwake waikapo dzina langa loyamba ngati lapakati. Setifiketi ikunena mwana wina, pasipoti ikunena wina. Nditamuimbira anaseka. Anati ndi zazing'ono, azungu sawerenga mayina athu. Ndinamuuza kuti akonze, iye n'kuti kukonza ndi ntchito ina, ndiwonjezere kenakake ka anthu ake aja. Nditakana anayamba kundiyankha kuti ali m'basi, mawa ali pa maliro, mkuja foni yagwa m'madzi. Mapeto ake anandibuloka, pa gulu paja n'kutulukapo. Ndikumva kuti ali pa gulu lina, akutchulabe Mulungu.

Zazing'onozo zinakula tsiku lokalembetsa mwana sukulu. Mayi wa mu ofesi anaika mapepala awiriwo pambalimbali, n'kuloza ndi cholembera chilembo chimodzichimodzi, kenako anandifunsa, mwana ataima pomwepo atagwira chikwama chake chatsopano, kuti ameneyu ndi wanudi? Mkazi wanga anatuluka panja osayankhula. Sindimudandaula mayi uja, anawerenga zimene zinalembedwa. Chotsatira chinali kukalumbira kwa loya, makalata opita kumudzi ndi kubwerako, kujomba kuntchito kumene ndinkathawa kuja, ndi kulipiranso pasipoti yachiwiri. Dobadoba sanabweze ngakhale randi imodzi.

Ndiye ndikamaona wina akufunsa pa gulu kuti "ndani angandithandize za pasipoti ya mwana mwachangu," ndimapsa mtima. Tili ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria, ina ku Johannesburg. Pitani mukafunse nokha zofunika, mzere utalike bwanji. Ngati mapepala akuyenera kukafika kumudzi, ku Immigration kapena ku NRB, tumani m'bale amene mwanayo akumudziwa dzina, osati munthu amene mwamudziwira pa foni. Ndipo fomu musalole wina akudzazireni. Ngati kulemba kumakuvutani, palibe manyazi: khalani pambali pa wolembayo, akuwerengereni mokweza bokosi lililonse, ili la dzina la banja, ili la mayina a mwana.

Inu achemwali amene mudzakhale m'chipatala, uzani bambo wa mwana alembe mayina atatuwo pa kapepala ndi zilembo zazikulu, mu ndondomeko yake, musanapite kochira. Nesi akafunsa, mpatseni kapepalako, musamutchulire pakamwa muli ndi ululu. Pepala lililonse limene mwalandira, liwerengeni muli pa kauntala pomwepo, anthu a kumbuyo adandaule. Mukatero lijambuleni pa foni, mutumize kwa agogo ndi kwa malume, kuti tsiku limene adzamulembetse pena pake kumudzi asadzaikepo la pakhomo lija.