Momwe mungaikire ndi kusamalira makina oziziritsa ndi kutenthetsa mpweya pamalo a bizinesi

Okutobala akafika, foni ya mmisiri wa mafiriji ndi ma AC siigona. Eni mashopu, maresitilanti, makiliniki ndi maofesi amayamba ndi mawu amodzimodzi: "Amisiri, gasi watha, bwerani mudzathire wina." Yankho langa silinasinthe. Gasi wa mu AC satha ngati petulo wa galimoto. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo akachepa ndiye kuti penapake pabooka. Komanso pa maulendo ambiri omwe ndaitanidwa, gasi amakhala ali bwinobwino, chavuta n'chakuti mpweya sukuyenda.

Pano ndikunena za makina akuluakulu a pamalo a bizinesi: aja amakhala padenga n'kumatumiza mpweya kudzera m'madakiti (mapaipi akuluakulu a mpweya), ndi aja a kaseti omwe amalowa mu siling'i. Ambiri a masiku ano amachita ziwiri, kuziziritsa nthawi yotentha ndi kutenthetsa mu Juni ndi Julaye, pomwe ku Dedza ndi ku Mzuzu zala zimauma, ndipo ku Blantyre ndi ku Thyolo kwagwa chiperoni.

1. Werengerani musanagule

Mphamvu ya makinawa imalembedwa mu BTU kapena mu kW. BTU 12,000 ndi pafupifupi 3.5 kW. Musagule potengera kukula kwa chipinda kokha. Werengani anthu omwe amakhalamo nthawi yomwe malonda afika pachimake, mawindo oyang'ana kumadzulo, mafiriji, mauvuni ndi makompyuta. Onaninso denga: malata opanda chotchinga kutentha amasandutsa siling'i kukhala ng'anjo. Ofesi ya ku Nsanje kapena ku Chikwawa, komwe kutentha kumadutsa madigiri 40, siyingafanane ndi ya ku Zomba ngakhale zipindazo zikhale zofanana.

Musaganizenso kuti wamkulu kwambiri ndiye wabwino. Makina opitirira muyeso amazizira msanga n'kuzima asanachotse chinyezi, ndiye anthu amamva kuzizira koma thupi lili nyatinyati, ndipo kompuresa, pampu yomwe imakankha gasi, imatopa ndi kuyaka ndi kuzima kosalekeza.

Pali chinthu china chimene ogula ambiri sauzidwa. AC wamba wa pakhoma salowetsa mpweya watsopano, amangozungulitsa womwewo umene anthu apuma kale. Malo odzaza anthu amafuna njira yolowetsera mpweya wa panja. Muyeso umene amisiri ambiri amatsata ndi malita 10 pa sekondi kwa munthu mmodzi, kotero chipinda cha anthu 30 chimafuna malita 300 pa sekondi. Ngati muli ndi kachipangizo koyezera CO2, mpweya umene timatulutsa popuma, panja kamawerenga pafupifupi 420 ppm. M'kati kakadutsa 1,000 ppm, mpweya watsopano wachepa, n'chifukwa chake anthu amayamba kuyasamula ndi kudandaula mutu masana. Pa kiliniki nkhaniyi ndi yaikulu koposa, pakuti TB imayenda mu mpweya, ndipo chipinda chodikirira chotsekedwa mawindo chifukwa cha AC n'choopsa kuposa khonde.

Kukhitchini, fani yotulutsa utsi ikamakoka mpweya, wina ayenera kulowa m'malo mwake. Mukaona chitseko chikuvuta kutsegula kapena chikudzimenyetsa chokha fani ikayaka, dziwani kuti njira yolowera mpweya palibe.

2. Sankhani malo

Gawo la makina lokhala panja likhale pamthunzi ngati n'kotheka, pamalo podutsa mphepo, pa maziko olimba ndi olingana, lokwera pang'ono kuti madzi a mvula asalifike. Buku la makinawo limanena mpata woyenera kusiya mbali zonse, utsatireni. Chitetezo cha zitsulo choopa akuba n'chofunika, koma chikhale cha mipata ikuluikulu. Ndaonapo makina atamangiridwa m'kanyumba ka njerwa, akupuma mpweya wawo womwe wotentha mpaka kuzima.

Polowera mpweya watsopano pakhale kutali ndi utsi wa jenereta, paipi ya fungo la kuchimbudzi, dzala ndi potulukira utsi wa kukhitchini. Ikanipo sefa ya waya yotchinga tizilombo. Ndipo chonde, uzani womanga siling'i asiye kakhomo pansi pa makina. Fyuluta (sefa yogwira fumbi la mu mpweya) yomwe siyifikika siyitsukidwa.

3. Mapaipi a gasi: apa ndiye pamafera makina ambiri

Ntchito iyi ndi ya mmisiri wophunzira, monga aja adutsa m'makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, koma inu mwini malo muyenera kudziwa chomwe mukuyang'ana.

Choyamba, mapaipi a kopa akhale otseka kumapeto mpaka nthawi yolumikiza, kuti fumbi ndi chinyezi zisalowe. Powotcherera, naitrojeni aziyenda pang'onopang'ono m'kati mwa paipi. Popanda naitrojeni, m'katimo mumapangika mwaye wakuda umene umakatseka tinjira ting'onoting'ono ta gasi patapita miyezi.

Chachiwiri, akamaliza kulumikiza, apope naitrojeni mpaka muyeso umene buku lanena, apake madzi a sopo polumikizira ponse, ndipo asiye geji kwa maola angapo, makamaka usiku wonse. Singano ikatsika, pali bowo, alifune tsopano siling'i isanatsekedwe. Asayese ndi okosijeni ngakhale pang'ono. Okosijeni akakumana ndi oyilo amaphulika.

Chachitatu ndi vakyumu. Pampu ikoke mpweya ndi chinyezi chonse mpaka geji ifike ma micron 500 kapena kutsikirapo, kenaka atseke n'kuona ngati ikukhazikika. Alipo amisiri ena ofulumira omwe amangotsegula gasi pang'ono kuti "akankhe mpweya", mphindi imodzi basi atha. Musalole. Chinyezi chotsalacho chikasakanikirana ndi oyilo wa kompuresa chimapanga asidi, ndipo asidiyo amadya mawaya a m'kati mwakachetechete. Makina amagwira bwino chaka choyamba, chachiwiri kompuresa yapsa, mmisiri uja nambala yake siyikupezekanso. Mmisiri akabwera opanda pampu ya vakyumu, m'bwezeni akaitenge.

Onaninso kachikwangwani ka pa makina kuti mudziwe gasi wake. R22 ndi wakale, ndipo mayiko akumuchotsa potsata pangano la Montreal la 1987 loteteza ozoni, kotero kugula makina a R22 lero ndi kudzigulira mavuto a mawa. Atsopano ambiri ndi a R410A kapena R32. Awa amagwira pa mphamvu yokwera kuposa R22, sasakanizidwa, ndipo R32 amatha kuyaka, choncho moto ndi fodya zikhale kutali. Mapaipi akatalika kuposa muyeso wa kufakitale, gasi wowonjezera ayezedwe pa sikelo, osati ndi maso. Pomaliza, mapaipi onse awiri akutidwe ndi labala yake yakuda popanda mpata, apo ayi amachita thukuta n'kudonthetsera siling'i.

4. Paipi yotayira madzi

Itsetsereke sentimita imodzi pa mita iliyonse, isakhale ndi pokhota pomwe madzi angadikhe. Makina a madakiti omwe fani yake imakoka mpweya kudutsa pa koyilo (timapaipi ta gasi toziziritsa mpweya) amafuna kampindo kooneka ngati U pa paipiyi, apo ayi fani imakokera madzi m'kati. Thirani botolo la madzi mu thireyi yolandira madzi pansi pa koyilo muone akutuluka panja musanamulipire mmisiri.

5. Magetsi

Kuno magetsi ndi 230V pa feizi imodzi ndi 400V pa mafeizi atatu. Makina akhale ndi bureka yawoyawo, waya wa saizi yoyenera, waya wa ethi, ndi swichi yozimitsira pafupi ndi gawo la panja. Onjezani chotetezera magetsi akakwera kapena kutsika, chimene chimadikira mphindi zitatu kapena kuposerapo magetsi akabwerera chisanayatse kompuresa. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi bodi ya inverter, yomwe imayendetsa liwiro la kompuresa.

Pa mafeizi atatu ikani rilei yoyang'anira mafeizi. Feizi imodzi ikasowa, mota imapsa. Mawaya awiri akasinthana, kompuresa ya mtundu wa scroll imazungulira chobwerera: imachita phokoso lachilendo, siyiziziritsa, ndipo ikasiyidwa choncho imawonongeka. Izi zimachitika kawirikawiri pomwe jenereta yalumikizidwa kumene. Dziwaninso kuti kompuresa yopanda inverter imakoka magetsi ochuluka kangapo pomwe ikuyamba, choncho jenereta yaing'ono imagwada.

Makina akuluakulu amakhala ndi kahita kotenthetsa oyilo wa kompuresa. Akakhala nthawi yaitali osalandira magetsi, yatsani swichi yaikulu maola angapo musanawalize, monga buku likunenera.

6. Tsiku loyamba, lembani manambala

Makina atayenda mphindi 15 kapena 20, yezani kutentha kwa mpweya wolowa ndi wotuluka. Poziziritsa, kusiyana kwake kumakhala pakati pa madigiri 8 ndi 12. Lembani zimenezi m'kope pamodzi ndi ma ampu (kuchuluka kwa magetsi omwe makina akukoka) omwe mmisiri wayeza. Yesaninso kutenthetsa tsiku lomwelo ngakhale kunja kukutentha, musadikire Juni. Kope limeneli ndi limene lidzakuuzeni mtsogolo ngati makina ayamba kufooka.

Kusamalira

Fyuluta ndiye mtima wa nkhaniyi. Tsiku lina ndinaitanidwa pa resitilanti ina yomwe inali italipira kale gasi katatu m'miyezi iwiri. Nditakwera pa makwerero n'kusolola fyuluta, ndinaiyang'anitsa kudzuwa, kuwala osadutsa ngakhale pang'ono. Fumbi ndi mafuta a tchipisi zinali zitagwirana ngati bulangete, ndipo kuseri kwake koyilo yonse inali mbee ndi ayezi. Pansi, polowera mpweya wobwerera panali patasanjidwa makireti a zakumwa mpaka pamwamba. Tinazimitsa makina, ayezi anasungunuka, tinatsuka fyuluta ndi sopo, anyamata anachotsa makireti. Kenaka ndinachita kuchotsako gasi, chifukwa anali atathiridwa wopitirira. Mayi mwini malo anangogwira pakamwa.

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, pomwe fumbi lili ponseponse, tsukani fyuluta milungu iwiri iliyonse. Nthawi zina kamodzi pamwezi n'kokwanira. Iume kaye musanaibwezere. Zapepala sizitsukidwa, zimasinthidwa, ndipo kamuvi kake kaloze komwe mpweya ukupita.

Miyezi itatu iliyonse zimitsani magetsi pa swichi yaikulu n'kutsuka koyilo ya panja ndi madzi a paipi osathamanga kwambiri, kuti tizitsulo take topyapyala tisapindike. Kunyanja, monga ku Nkhata Bay, tizilombo touluka totchedwa nkhungu timatha kumata koyilo usiku umodzi, ndipo nthawi ya dzinja ngumbi zimachita chimodzimodzi ngati pafupi pali getsi. Yang'anani lamba wa fani ngati alipo: akang'ambika kapena kulira poyamba, m'sintheni. Tsegulani bokosi la magetsi muone ngati nalimata, nyerere kapena makoswe sanamangemo, ndipo tsekani mabowo olowera mawaya. Nalimata mmodzi amatha kuwotcha bodi yonse. Mavu nawo amakonda kumata dothi kukamwa kwa paipi ya madzi.

Mmisiri abwere kawiri pachaka, mu Epulo kuzizira kusanayambe ndi mu Ogasiti kutentha kusanafike, adzamange mawaya omasuka, kuyeza ma ampu ndi kutsuka koyilo ya m'kati.

Zikavuta, yambani ndi zophweka

Makina akapanda kuyaka, onani bureka, swichi ya panja, chotetezera magetsi ndi mabatire a rimoti. Bureka ikagwa kachiwiri mutangoikweza, isiyeni, itanani mmisiri. Ngati pali nambala kapena chilembo chomwe chikuphethira, chijambuleni pa foni musanazimitse, chifukwa kampani iliyonse, kaya Daikin, LG, Carrier kapena Midea, ili ndi matanthauzo akeake.

Akamayenda koma osazizira, onani kaye ngati rimoti ili pa kuziziritsa, osati pa fani yokha. Kenaka fyuluta, polowera mpweya, koyilo ya panja, ndi madakiti omwe mwina athothoka mu siling'i. Mukaona ayezi, zimitsani kompuresa, siyani fani yokha iyende mpaka asungunuke. Musakokote ndi mpeni. Ayezi akabweranso fyuluta ili yoyera ndipo fani ikuyenda bwino, apo tsopano tikhoza kukamba za gasi. Fufuzani dontho la oyilo polumikizira mapaipi, pakuti pomwe gasi akutulukira pamakhala ponyowa ndi oyilo ndipo fumbi limamatapo. Mmisiri atseke bowolo, akokenso vakyumu, ndiye athire gasi pa sikelo.

Gawo la panja likamangong'ung'uza osazungulira, kawirikawiri ndi kapasita, kachitini kothandiza mota kuyamba. Yakufa imafufuma pamwamba. Musaigwire, imasunga magetsi ngakhale swichi itazimitsidwa.

Potenthetsa, musadabwe fani ya m'kati ikachedwa kuyamba. Imadikira kuti koyilo ifunde. M'mawa wozizira makina amathanso kuima mphindi zingapo, gawo la panja n'kumatuluka nthunzi ndi madzi. Sikupsa kumeneko, akusungunula ayezi wa pa koyilo ya panja. Koma ngati akuziziritsa bwino n'kumakana kutenthetsa, kapena akutulutsa mpweya wozizira pomwe mwaika pa kutentha, wokayikiridwa ndi valavu yotembenuza gasi kapena kakoyilo kake ka magetsi. Imani pafupi ndi gawo la panja wina akusintha pa rimoti: valavu yamoyo imamveka kuti "kha", kenaka phokoso la gasi akutembenuka. Mukapanda kumva kalikonse, muuzeni mmisiri zimenezo pa foni kuti abwere atanyamula mita ndi kakoyilo kena.