Musamutumize yekha kumsewu umene anachokako

Chiperoni chikangoyamba mu June, mabungwe othandiza anthu ogona m'makhonde a masitolo amathamangira kufuna anyamata amene anachoka mumsewu kuti akafikire anzawo. Maganizowo ngabwino. Munthu amene anagonapo pa katoni amadziwa khonde limene anthu amathawirako mvula ikamawaza, ndipo anzake amamuuza zimene sangauze bwana wonyamula fayilo. Cholakwika chimene chimachitika n'chakuti akuwatumiza okhaokha, usiku, popanda malipiro, atangowaveka malaya a bungwe.

Mnyamata amene wangotha miyezi itatu akugona m'nyumba sanakhazikike. Pamalo pamene mukumutumizapo pali amene anali naye ngongole, pali wogulitsa chamba amene amamudziwa dzina, palinso anzake amene akufuna awagawire chifukwa akuganiza kuti tsopano ali pantchito. Iye m'thumba mulibe ngakhale ya minibasi. Wina ku Limbe anayamba kugula tchipisi ndi ndalama yake ya lendi kuti anzake asamunene kuti wayamba matama. Lendi itamukanika anabwerera pakhonde pomwepo, ndipo amene ankawalimbikitsa aja anaona okha kuti kutsatira bungwe sikupindula. Mukataya mmodzi chotere, gulu lonselo silidzakukhulupiriraninso msanga.

Kaganizidwe kakuti "tinamuthandiza, ndiye abweze pogwira ntchito yaulere" katha ntchito. Komiti ya bungwe imadya alawansi pamsonkhano wa kuhotela, koma woyenda usiku m'mphepo akuti ndi wodzipereka! Musaiwalenso apolisi. Khoti Lalikulu linagamula mu 2017, pamlandu wa Mayeso Gwanda, kuti ndime 184(1)(c) ya Penal Code, imene ankamangira anthu vakabu, ikusemphana ndi malamulo aakulu a dziko, koma mnyamata wopanda chiphaso cha ntchito akapezeka usiku pakati pa amasikini, sangakhale ndi umboni woti wabwera kudzagwira ntchito.

Zochita zake n'zachidule. Sankhani amene wakhala pamalo okhazikika pafupifupi chaka. Aziyenda awiriawiri, mmodzi akhale wophunzira za chisamaliro cha anthu, ndipo poyamba asapite kudera limene ankagona. Mulembereni kalata ya ntchito, malipiro asachepere amene boma linakhazikitsa, mupatseni chiphaso, yoyendera ndi mayunitsi. Asamanyamule ndalama zogawa. Sabata iliyonse womuyang'anira akhale naye pansi ola limodzi kumva zimene zamuvuta. Akakumana ndi mwana wosakwana zaka 18, nkhaniyo ipite ku ofesi ya Social Welfare ya boma, asamutengere kunyumba kwake.