Momwe mungadziwire mtundu wa ntchentche zoyera poyang'ana ana ake pansi pa tsamba

Mukagwedeza tsamba la chinangwa kapena tomato n'kuona tizilombo toyera tikuti balala, mumangoti ndi ntchentche zoyera basi. Koma mitundu yake padziko lonse ndi yoposa 1,500, ndipo zouluka zija zimafanana kwambiri moti ngakhale akatswiri sadalira izo potchula dzina. Amayang'ana mwana wa gawo lachinayi la kakulidwe, lomwe ndi lomaliza asanayambe kuuluka, yemwe amakhala atamatirira pansi pa tsamba ngati mamba a nsomba. Kudziwa mtundu n'kofunika chifukwa Bemisia tabaci ndiyo imafalitsa khate la chinangwa, matenda owoletsa chinangwa komanso kachilombo kopinda masamba a tomato, pamene mitundu ina yambiri imangoyamwa madzi ndi kudetsa masamba ndi nkhungu yakuda ngati mwaye.

Yambani ndi zida. Pezani galasi lokulitsa la 10x, la 20x n'labwino koposa, maenvulopu apepala, timabotolo, singano yopyapyala ndi sipiriti wa 70%. Magalasi apulasitiki omwe amagulitsidwa mumsika atalembedwa 40x musawakhulupirire. Ndinagulapo limodzi, mphamvu yake sinkafika ndi pa 10x pomwe. Musanapereke ndalama, yesani galasilo pa timalemba ting'onoting'ono ta pa ndalama yapepala. Mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, koma kugula limodzi lagalasi lenileni kumapulumutsa ndalama kusiyana ndi kugula atatu apulasitiki.

Kumunda, musataye nthawi kunsonga. Kumeneko kumakhala zouluka ndi mazira. Ana okhwima ali pa masamba apakati ndi am'munsi, chifukwa pamene mwana akukula, nyengo yotentha pafupifupi masabata atatu kuchokera pa dzira, mbewu nayo imakhala yaphuka masamba ena pamwamba. Tembenuzani tsamba, funani ana a maso ofiira ndi zigoba zopanda kanthu. Thyolani tsamba lonse, liikeni mu envulopu, lembani dzina la mbewu, malo ndi tsiku. M'jumbo ayi, tsamba limachita thukuta ndipo pofika mawa lake zonse zachita nkhungu.

Mitundu itatu mungathe kuizindikira pomwepo ndi galasi. Aleurodicus dispersus imaikira mazira mozungulirazungulira ngati nkhata, n'kusiya mzere wa phula loyera, ndipo ana ake amatulutsa phula lambiri ngati thonje pamodzi ndi timitengo ta phula towala ngati galasi. Mudzaipeza pa gwafa, papaya ndi chinangwa. Pa mandimu ndi malalanje, mukaona ubweya wopotanapotana wokhala ndi timadontho tonata, kawirikawiri ndi Aleurothrixus floccosus. Pa tomato ndi nyemba, makamaka kumadera ozizira ngati Dedza ndi Ntcheu kapena m'nyumba zapulasitiki zolimiramo, yang'anani mwanayo cham'mbali. Wa Trialeurodes vaporariorum amakhala wokwera, m'mbali mwake muli chipupa cha phula choongoka ngati kachitini ka nsomba, ndipo pamwamba pali tiulusi tataliatali. Wa Bemisia tabaci ndi wachikasu, wosafika milimita imodzi, alibe chipupa, m'mbali mwake mumatsetsereka mpaka kukhudza tsamba. Mazira nawo amathandiza, a Trialeurodes amada akamakhwima, a Bemisia amangofiirira.

Chigoba chong'ambika mooneka ngati chilembo T ndiye kuti munatuluka ntchentche yoyera. Chikakhala ndi kabowo kozungulira, munatuluka kamavu kakang'ono ka mtundu wa Encarsia kapena Eretmocerus, komwe kamadya mwanayo ali mkati. Zigoba zotere musazigwiritse ntchito potchula dzina, chifukwa mawonekedwe ake amasokonekera, koma werengani kuti ndi zingati. Zikachuluka, kupopera mankhwala kukupherani anzanu okuthandizani.

Povuta ndi pa chinangwa, pomwe Bemisia tabaci imakhalira limodzi ndi mbale wake Bemisia afer. Apa galasi lamanja silikwanira, pamafunika maikulosikopu ndi kukonza mwanayo pa kagalasi. Kumapeto kwa msana wa mwana kuli kabowo kooneka ngati nsonga ya mkondo, kotchedwa vasiform orifice, komwe kumatulukira timadzi totsekemera tomwe timanata pa masamba. Kuchokera pa kabowoko mpaka kumchira pali kangalande, ndipo kumchira kwenikweniko kuli tiubweya tiwiri. Pa tabaci tiubweyato ndi tolimba, totalika ngati kabowo kaja kapena kuposa, m'mbali mwa kabowo ndi moongoka, ndipo kabowo ndi kotalikirapo kuposa kangalande. Pa afer tiubweya ndi tating'ono, nthawi zambiri tosafika theka la kabowo, m'mbali mwa kabowo ndi mopindikira mkati, ndipo kangalande ndi katali.

Kuti zimenezi zioneke, mwanayo amayeretsedwa mu potassium hydroxide wa 10%, kutanthauza magalamu 10 m'madzi okwana mamililita 100. Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikupemphani muwerenge mofatsa. Ndinali ndi ana pafupifupi makumi atatu ochokera m'minda ya chinangwa ya ku Nkhata Bay. Pofuna kumaliza tsiku lomwelo, ndinaika kabotolo pamoto mwachindunji mpaka madzi anabwata, kenako ndinawatembenuzatembenuza ndi singano kuti mafuta am'kati atuluke. Pa maikulosikopu zigoba zinaoneka zoyera bwino, koma kumchira kunalibe ubweya wautali. Ndinalemba kuti onse ndi afer. Mkulu wina amene ndinkagwira naye ntchito atayang'ana anandiitana nati, "Achimwene, taonani pomwe panamera ubweya." Timabowo tomwe ubweya unazukamo tinali tatikulu, ndipo kabowo ka vasiform orifice kaja kanali kotalika kuposa kangalande. Pafupifupi onse anali tabaci, ubweya ndinauthothola ndekha. Zinandiwawa, chifukwa zotsatirazo zikanapita kwa alangizi n'kukafika kwa alimi ngati uthenga woti m'minda mwawo mulibe kachilombo kofalitsa khate, pamene masamba awo anali kale ndi mawanga.

Ndiye chitani chonchi. Kabotolo ka potassium hydroxide kaikeni m'chikho cha madzi otentha, osati pamoto, kwa mphindi pafupifupi khumi, ndipo madzi a m'kabotolo asabwate. Ngati simukufulumira, asiyeni m'mankhwala ozizira usiku wonse, ndiyo njira yomwe ndimakonda tsopano. Mwana wamoyo mubooleni kamodzi kokha cham'mbali kumimba, musindikize pang'ono ndi mbali ya singano, osamukoka ndi kumchira. Chidule chake n'kusankha zigoba zong'ambika ngati T, popeza mkati mulibe kanthu ndipo zimangofuna mphindi zochepa. Musadalire chizindikiro chimodzi. Ubweya ukasowa, yerekezani kabowo ndi kangalande. Mankhwalawa amawotcha khungu ndi maso, valani magolovesi. Ena amagwiritsa ntchito soda yopangira sopo, imagwira ndithu, koma yogula yoyezera m'timapepala yopanda chizindikiro simudziwa mphamvu yake, ndipo ikakhala yaukali imasungunula chigoba chonse.

Palinso msampha wina womwe unasokoneza akatswiri kwa zaka zambiri. Mwana wa tabaci amasintha malinga ndi tsamba lomwe wakulira. Pa tsamba laubweya ngati la fodya kapena mabiringanya amakhala wamng'ono, wokhotakhota m'mbali, wa ubweya wautali pamsana. Pa tsamba losalala amakhala wamkulu, wa msana wopanda ubweya wautali. Katswiri wina dzina lake Gennadius ndiye anayamba kufotokoza ntchentcheyi pa fodya ku Greece mu 1889, ndipo pambuyo pake anthu anaipatsa mayina ambirimbiri poganiza kuti apeza mitundu yatsopano, mpaka Louise Russell anawaphatikiza mu 1957, ndipo Laurence Mound anasonyeza mu 1963 kuti tsamba ndilo limasintha mawonekedwewo. Choncho ubweya wapamsana musauwerengere, wakumchira ndiwo wodalirika.

Zotsalazo n'zachizolowezi. Tsukani m'madzi, ikani mu acetic acid, onjezani kadontho ka utoto wa acid fuchsin ngati chigoba chili chotuwa, pititsani mu mafuta a clove, kenako pa kagalasi ndi dontho la utomoni wa Canada balsam, msana kumwamba, vindikirani, lembani. Balsam ndi wokwera mtengo ndipo amauma kwa masabata angapo. Ngati mukungofuna dzina la lero, dontho la glycerine likwanira, kungoti kagalasiko sikasungika.

Mukafika pa dzina loti Bemisia tabaci, maso athera pomwepo. Pansi pa dzinali pali mitundu yambiri yofanana ndendende, monga SSA1 yomwe imakonda chinangwa kuno kum'mwera kwa Sahara ndi MEAM1 yomwe imavutitsa tomato ndi mbewu zamasamba m'maiko ambiri, ndipo imasiyanitsidwa poyeza DNA basi. Zoterezi sungani zouluka mu sipiriti wa 95%, osati wautoto wa m'sitolo uja, mbewu iliyonse kabotolo kake, n'kufunsa alangizi a m'dera lanu momwe zingafikire kwa ofufuza ku Chitedze kapena ku Bvumbwe.