Musanatsegule kireshi ku Harare, imvani zomwe zinandionekera

Amayi anzanga a ku Mufakose, Highfield ndi Dzivarasekwa, ndikudziwa mmene zimayambira. Mnzanu wapeza ntchito ya m'nyumba ku Borrowdale, wakusiyirani mwana. Mwezi usanathe pabalaza padzaza ana khumi, wina n'kunena kuti, "Mayi, bwanji osangotsegula kireshi?" Ine ndinatseguladi, ndipo mpaka lero ndikubweza ngongole.

Ndondomeko yake ndi yosavuta kuinena. Kireshi, kapena kuti sukulu ya mkaka, yomwe kuno amatinso ECD, imalembetsedwa ku unduna wa maphunziro a pulayimale ndi sekondale motsatira lamulo la boma lotchedwa Statutory Instrument 106 ya 2005, ndipo mumayambira ku ofesi ya maphunziro ya m'dera lanu. Khonsolo ya mzinda iyeneranso kuvomereza kuti nyumba yogonamo isanduke malo osungira ana, a zaumoyo abwere adzaone zimbudzi, madzi ndi pophikira. Unduna kwake, khonsolo kwake. Pepala la kumodzi silikutetezani kwinako.

Ine ndinagwa m'manja mwa dobadoba. Ndinamupeza panja pa ofesi ina m'tauni, atavala tayi, fayilo ili m'khwapa. Atamva ndikulankhula pa foni anandilonjera m'Chichewa: "Achemwali, ndife amodzi, agogo anga anachokera ku Mangochi." Mtima wanga unakhala pansi pomwepo. Anati pandekha mapepala atenga chaka, koma iye ali ndi anthu m'katimo, milungu iwiri basi. Ndinamupatsa madola 350, ena obwereka ku chipereganyu cha amayi a kutchalitchi, popanda lisiti. Anabweretsa pepala lokongola lachidindo chofiira, ine n'kuligulira fulemu, n'kulipachika pakhoma kuti makolo aziliona.

Patatha miyezi 5 anabwera oyendera. Mayi mmodzi analiyang'ana pepalalo, n'kuimba foni, n'kundiuza kuti nambala imeneyo kulibe m'mabuku awo. Ndinalira, ndinalumbira kuti ndinalipira. Anandifunsa funso limodzi lokha: lisiti ili kuti? Tsiku lomwelo ndinaimbira makolo 18 kuti adzatenge ana awo dzuwa lili paliwombo, ena atathawa kuntchito osatsanzika. Fizi ya teremu ndinabweza, timipando ndinagulitsa motchipa. Foni ya achimwene a ku Mangochi aja inali yothima, ndipo sinayakenso. Chimandipweteka kwambiri n'chakuti anandibera ndi chilankhulo changa chomwe.

Ndiye tamverani. Ndalama iliyonse perekani nokha pa windo la ofesi, mutuluke ndi lisiti ya dzina lanu. Wina akati "sitikufuna kukuvutitsani ndi mizere", thawani. Mzere sunaphe munthu.

Musabise kwa eni nyumba ngati mukuchita lendi. Ine ndinabisa, ndipo atamva anandipatsa notisi sabata yomweyo. Pezani chilolezo chawo cholembedwa musanagule ndi mpando umodzi womwe. Onaninso mapepala anu eni. Ngati munalowa m'Zimbabwe pa chipata cha Nyamapanda ngati mlendo wodzacheza, kireshi sikuyeneretsani kugwira ntchito kuno, ingokuonetserani poyera.

Zoti "ndikungosunga ana a aneba" musazidalire. Mukamalandira ndalama mwezi ndi mwezi, ana ali mbwee pakhonde, oyendera sadzamva zimenezo. Ndipo lekani kuunjika ana ngati nkhuku za m'khola chifukwa cha fizi. Muyeso wa boma ndi ana 20 pa mphunzitsi mmodzi, ndipo kwa ine ngakhale amenewo ndi ambiri ngati pali ovala matewera. Za madzi musachite nazo masewera. Amene tinali kuno mu 2018 tikukumbukira mmene kolera inavutira ku Glen View ndi Budiriro. Mpopi ukakhala wouma masiku atatu, ana asamba m'manja ndi chiyani? Ngati yankho mulibe, musatsegule.

Inunso makolo, bambo ndi mayi nonse, musakhutire ndi pepala la pakhoma, poti langa linali lokongola kuposa ambiri. Lembani dzina la kireshi ndi nambala yake, mukafunse ku ofesi ya maphunziro ya m'deralo ngati ilidi m'kaundula. Kenaka tsiku lina pitani masana osanena, mulowe kuchimbudzi cha ana, mutsegule mpopi, muwerenge mitu ya ana ndi ya akuluakulu amene akuwasamala.