Moto wa pososa ukutha mitengo m'minda yathu

Masiku apitawa ndakhala ndikuyendera minda ya ku Mitundu ndi ku Malingunde, ndipo zomwe ndaona zandipweteka mtima. Anthu akasosa, akuunjika mapesi pa chitsa n'kuyatsa moto. Chitsa chomwe chinaphukira bwino, mphukira zofika m'chiuno, chikutsala phulusa lokhalokha.

Chitsa chotere ndi mtengo wamoyo. Mizu yake inazama kale, n'chifukwa chake mphukira zake zimakula msanga kuposa mbande za m'machubu zomwe timabzala mu Disembala, zambiri n'kuuma chilimwe chisanathe. Mukachitentha mwapha mtengo womwe simunauthirire kapena kuulipira. Mawa lake amayi a pakhomo pomwepo akuyenda mtunda wautali kufuna nkhuni, apo ayi ndalama ikupita ku makala a ku Dzalanyama, nkhalango yomwe mtsinje wa Lilongwe umachokera. Mvula yoyamba ikagwa pa munda wopanda chogwira nthaka, dothi lachonde limatsetserekera kumtsinje mpaka kukakwirira madamu a Kamuzu, omwe mzinda wa Lilongwe umamwa. Inu mwatsala ndi mchenga, feteleza wodula uja wapita ndi madzi.

Chondinyansa kwambiri n'choti ngakhale timisangu sakutisiya. Msangu! Mtengo womwe umayoyola masamba dzinja, osatchinga chimanga dzuwa, masambawo n'kusanduka manyowa. Tanena kangati zimenezi pa misonkhano?

Bambo wina wachikulire nditamufunsa anandiyankha kuti, "Alangizi, zitsa zimathyola makasu, ndipo makolo athu ankatentha chonchi." Makolowo ankatentha nkhalango ili pakhomo, lero ili kuti? Ndinawapempha andionetse pomwe chimanga chawo chinachita bwino chaka chatha. Ananditengera pakona pa munda, pansi pa msangu waukulu womwe anausiya kuti azipumulirapo masana. Atafika pamenepo anangoti chete, n'kuvula chipewa kumakanda mutu.

Ndiye amene simunatenthe, pa chitsa chilichonse siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zinazo dulani ndi chikwanje chakuthwa mukasonkhezere moto kunyumba. Lambulani mozungulira chitsacho, mapesi muwayale m'munda kapena muwakwirire m'mizere. Mbuzi zikhale pachingwe, chifukwa mphukira zanthete sizizisiya.