Pikapu Yakale Ikamajejema, Pezani Kaye Silinda Yomwe Yagona

Miyezi ya chiperoni ikafika, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, madandaulo a eni mapikapu kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amakhala amodzimodzi. M'mawa galimoto ikuvuta kulira, ikalira ikunjenjemera thupi lonse, ku ekizozi kukumveka phuphuphu wodukizadukiza, ndipo ikasenza matumba a chimanga ikufooka pa zitunda za pakati pa Luchenza ndi Bvumbwe, pomwe kale inkadutsa osasintha giya. Ambiri akaona zimenezi amakwera minibasi wa ku Limbe kukagula mapulagi anayi, mawaya ndi koilo (yomwe imakweza mphamvu ya moto wopita ku mapulagi), ena mpaka kabureta (yosakaniza petulo ndi mpweya), koma pobwerako amapeza vuto likadalipo. Phindu la maulendo angapo lathera pa zitsulo zomwe sizinalakwe kanthu. Musatulutse ndalama musanadziwe zinthu ziwiri: silinda yomwe ikukana kuyaka ndi iti, ndipo ikukana nthawi yanji.

Mapikapu akale omwe amatinyamulira zokolola, monga Toyota Hilux ya injini ya 3Y kapena 4Y, Nissan 1400, Nissan Hardbody ndi Isuzu KB, ambiri ali ndi masilinda anayi. Kuti silinda igwire ntchito pamafunika mafuta osakanikirana bwino ndi mpweya, mphamvu yopanikiza mpweyawo yomwe amakaniko amati kompuresheni, ndiponso moto wofika pa nthawi yake. Chimodzi chikaperewera, silinda imeneyo imangoyenda chabe mokokedwa ndi zinzake zitatu.

Yambani ndi khutu, sipanala ibwere pambuyo. Injini yomwe imajejema m'mawa wa nkhungu kapena mukangowoloka madzi, kenako n'kuwongokera ikatentha, kawirikawiri moto wake ukuthawira panjira chifukwa cha chinyezi pa mawaya kapena mu disitiribyuta, yomwe imagawa moto ku mapulagi. Yomwe imajejema ikangoima koma n'kuyenda bwino mukaponda, ikayikireni kuti ikuba mpweya penapake kapena valavu ina sikutseka bwino. Yomwe imalira bwino pabwalo koma n'kuyamba kudukiza pa chitunda ili ndi katundu, mwina moto wake ndi wofooka, mwina mafuta sakufika okwanira. Mvetserani bwino: kudukizako kukamabwera mwa ndondomeko, kosasinthasintha, ndiye kuti yagona ndi silinda imodzi. Kukamabwera mwa apo ndi apo, vuto lili pa chinthu chomwe masilinda onse amagawana, monga mafuta, koilo kapena mapointi, tizitsulo totseka ndi kutsegula magetsi m'kati mwa disitiribyuta.

Kupeza silinda yogona pa injini ya petulo sikulira ndalama. Kokani handibuleki, chotsani giya, ikani mwala ku tayala. Injini ikulira pang'onopang'ono, zulani waya wa pulagi imodzi ndi pulayala ya zogwirira za mphira, mumve. Injini ikagwa mphamvu kwambiri, silinda imeneyo inali kugwira ntchito. Bwezerani waya mupite pa ina. Pomwe mwazula waya koma kalilidwe osasintha n'komwe, pamenepo ndi pomwe pali wodwala. Musagwire waya ndi dzanja, chifukwa moto wake umafika mavoti zikwizikwi, ndipo munthu akadzidzimuka ndi pomwe amaponya mkono pa fani. Malaya olendewera ndi chitenje zikhale kutali ndi lamba. Ngati galimoto yanu ilibe mapointi koma ili ndi kabokosi ka magetsi koyatsira moto, musasiye waya wozulawo uli lende nthawi yaitali. Ugunditseni ku chitsulo cha injini kuti moto upeze kopita, apo ayi kabokosiko kakhoza kupsa, ndipo mtengo wake ndi woposa wa mapulagi onse pamodzi.

Mwaipeza silindayo? Musagulebe kanthu. Zimitsani injini, tengani pulagi ya silinda yodwalayo musinthanitse ndi ya silinda yabwino, muyesenso. Vuto likasamuka kutsata pulagi, mwalipeza. Likatsala pomwepo, sinthanitsani waya wake wonse, nsonga zonse ziwiri, ndi wina wofanana nawo kutalika. Likatsalabe, pulagi ndi waya zilibe mlandu, ndipo maso aloze ku chivundikiro cha disitiribyuta kapena m'kati mwa injini.

Apa ndichenjeze anyamata otsuka injini kumtsinje. Injini zomwe ndatchulazi zimayatsa masilinda motsatana 1-3-4-2, ndipo silinda yoyamba ndi ya kutsogolo, kufupi ndi rediyeta. Munthu akazula mawaya onse nthawi imodzi n'kubwezera mongoganizira, awiri akasemphana galimoto imaphulika ku kabureta kapena ku ekizozi ngati yawonongeka kotheratu, pomwe vuto ndi la mphindi ziwiri. Zulani umodziumodzi, kapena mangani timfundo ta ulusi posonyeza nambala.

Pulagi mukaichotsa musafulumire kuipukuta, chifukwa nsonga yake imakuuzani zomwe zikuchitika m'kati. Yabwino imakhala youma, ya mtundu wa tiyi wothira mkaka. Yakuda ndi mwaye wouma ikusonyeza kuti petulo akuchuluka kuposa mpweya, ndipo pa misewu yathu ya fumbi lofiira ya m'minda ya tiyi choyamba kuona ndi fyuluta ya mpweya, kenako choko ya pa kabureta, yochepetsera mpweya poliza injini yozizira, ngati yakakamira. Yakuda monyowa ndi oyilo ikunena za malingi a pisitoni kapena timphira ta mavalavu. Pulagi yatsopano idzathandiza masabata ochepa n'kudanso. Yoyera mbuu ndiye kuti mafuta akuchepa ndipo silinda ikutentha mopitirira. Yonyowa ndi petulo wonunkha sikuyaka n'komwe. Koma yomwe muyenera kuiopa ndi pulagi imodzi yoyera ngati yatsopano pakati pa zinzake zakuda, makamaka ngati madzi a mu rediyeta akumaphwera osaoneka podontha: nthunzi ya madzi olowa mu silinda ndi yomwe yaitsuka, ndipo gasiketi yapamwamba yayamba kutha. Mpata wa kunsonga ya pulagi pa injini zakalezi umakhala pafupifupi mamilimita 0.8, ndipo uyesedwe ndi timapeni toyezera, osati ndi diso. Yang'ananinso mbali yoyera ya pulagi ngati ili ndi mng'alu.

Mawaya ndi disitiribyuta ndi zomwe chinyezi cha kuphiri kuno chimavutitsa kwambiri. Dikirani kude, tsegulani boneti pamalo opanda nyali injini ikulira. Mukaona timoto tabuluu tikudumpha kuchoka pa waya kupita ku chitsulo, waya ameneyo watha ngakhale masana amaoneka wabwino, ndipo kumukulunga tepi ndi kongofikira kunyumba. Amene ali ndi mita yoyezera magetsi ayese: Toyota imanena kuti waya mmodzi asapitirire ma ohm 25,000. Tsegulani chivundikiro cha disitiribyuta muone m'kati. Madontho a madzi apukuteni ndi nsalu youma. Mukaona kamzere kakuda ngati kolembedwa ndi pensulo pakati pa timitu tiwiri, moto wadzipangira njira yachidule ndipo chivundikirocho n'chofunika china. Onaninso kakhala kapakati ngati kakadali ndi sipuling'i yake. Pa galimoto za mapointi, mpata wake ndi pafupifupi mamilimita 0.45; akapsa kapena mpata ukachepa, masilinda onse amajejema, ndipo posintha mapointi sinthaninso kondensa, kachitsulo kolumikizidwa ku mapointiwo, pakuti nthawi zambiri ndi iyo imawapsereza.

Tsopano nkhani ya mafuta, yomwe eni galimoto sakonda kuimva. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo zakhala choncho kuyambira 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Mafutawo ndi abwino, koma ethanol amakoka chinyezi ndiponso amafewetsa mapaipi akale a mphira. Pikapu yomwe imakhala masabata ili chiimire, thanki ili pafupi kuuma, podikira nyengo ya zinanazi, imasonkhanitsa madzi ndi dzimbiri pansi pa thanki. Onjezani pamenepo mafuta a m'zigubu omwe timagula m'mbali mwa msewu wa ku Muloza pomwe pa filing'i siteshoni pauma. Sindikunena kuti wogulitsa aliyense ndi wachinyengo, koma simudziwa kuti chigubucho chinasunga chiyani dzulo. Kuyesa kwake n'kosavuta. Masulani paipi yopita ku kabureta, injini itazizira ndipo pafupi palibe wosuta fodya, thirani mafuta pang'ono m'botolo lagalasi loyera, liikeni pansi lidikhe. Madzi amakhala pansi, mzere wake umaoneka bwino. Mukawapeza, khuthulani thanki, sinthani fyuluta ya mafuta, tsukani kabureta. Kusintha mapulagi pa galimoto yomwe ikumwa madzi n'kutaya ndalama. Ngati simungachitire mwina koma kugula za m'chigubu, sefani pa nsalu yothina ndipo zotsalira pansi musathire.

Mpweya wakuba umamveka ngati kamluzu injini ikaima. Tsatirani timapaipi tonse tochokera pansi pa kabureta, makamaka paipi yaikulu yopita ku mabuleki, mufinye paliponse pomwe pauma kapena kung'aluka. Wazani madzi pang'ono polumikizira. Kalilidwe kakasintha, ndi pomwepo. Ena amawaza petulo, koma pa injini yomwe moto wake ukuthawa kale, imeneyo ndi njira yowotchera galimoto.

Zonsezi zikakhala bwino koma silinda ija ikadali chigonere, yafika nthawi ya geji ya kompuresheni. Makaniko wodziwa ntchito pa Chitakale kapena pa Luchenza ayenera kukhala nayo, ndipo amene akufuna kutsegula injini asanayeze mukaneni mwaulemu. Injini ikhale yotentha, mapulagi onse achotsedwe, koilo ichotsedwe moto, wina aponde akiseleleta mpaka pansi pozungulitsa. Lembani manambala onse anayi. Injini ya petulo yabwino imasonyeza ma bar 11 kapena 12 pa gejiyo; yatsika pansi pa 9 ndiye kuti yatopa. Chofunika kwambiri ndi kufanana kwake: silinda imodzi isasiyane ndi zinzake kuposa bar imodzi. Yotsikayo ithireni kasupuni ka oyilo pa bowo la pulagi muyesenso. Nambala ikakwera, atha ndi malingi. Ikapanda kusintha, ndi valavu. Masilinda awiri oyandikana akatsikira limodzi, gasiketi yaphulika pakati pawo. Koma musanavomere zoti valavu yapsa, uzani makaniko ayeze mpata wa matapeti, womwe ndi wa pakati pa valavu ndi chitsulo choikankha. Pa Nissan 1400 umakhala mamilimita 0.35 injini ili yotentha, ndipo ukathina valavu simatseka, kompuresheni n'kumathawa. Kukonza kwake ndi kwa theka la ola, koma mukazengereza valavuyo imapsadi.

A dizilo, monga Hilux ya 2L, 3L kapena 5L, Hardbody ya TD27 ndi Isuzu KB, njira yanu ndi yofanana koma chida n'china. M'malo mozula waya, masulani pang'ono nati ya paipi pamwamba pa injekita imodzi injini ikulira, mutaphimba ndi sanza. Pomwe kalilidwe sikasintha ndi pa silinda yogona. Chala chisayandikire mafuta otulukawo, chifukwa amatha kuboola khungu. Izi ndi za injini zakale za pampu wamba zokha. Pa zatsopano monga Hilux ya D-4D musayerekeze, mphamvu ya mafuta ake ndi yoopsa. Dizilo ikamajejema ndi utsi woyera m'mawa wozizira n'kusiya pakapita mphindi zochepa, kawirikawiri mahita ena, otenthetsa masilinda poliza injini, afa, ndipo amayesedwa limodzilimodzi. Ikamajejema nthawi zonse kapena kuzima pa chitunda, ganizirani mpweya wolowa m'mapaipi a mafuta: popani kapampu ka pamwamba pa fyuluta, ndipo ngati sikakulimba pali pomwe pakuyamwa mpweya. Pansi pa fyuluta yomweyo pali kotsegulira madzi, komwe ambiri sanakakhudzepo chigulireni galimoto. Mainjekita ndi pampu musamasule pansi pa mtengo. Apite kwa oyesa ndi makina ku Limbe kapena ku Blantyre. Kuthira oyilo mu silinda poyesa kompuresheni, pa dizilo ayi, chifukwa oyiloyo akhoza kuyaka. Ndipo a Hilux za 2L, 3L ndi 5L mukumbukire kuti lamba wa tayiming'i amasinthidwa pa makilomita 100,000. Akalumpha dzino limodzi injini yonse imalira mosokonezeka, akaduka amapinda mavalavu.

Pikapu za petulo zatsopanoko, zomwe zili ndi kompyuta, zimakuthandizani zokha. Kanyali ka injini kakamaphethira, imani. Makina owerengera akasonyeza P0301 mpaka P0304, nambala yomalizayo ndi ya silinda yodwala, ndipo P0300 ikutanthauza kuti kujejemako kukuyendayenda. Komabe makinawo amangotchula silinda, satchula chomwe chafa, choncho kusinthanitsa kuja, kwa pulagi kenako waya kapena koilo, kumafunikabe.

Ndikudziwa kuti tomato ndi kabichi sizidikira, ndipo tsiku la msika wa ku Limbuli likafika munthu amati ndingopita ulendo uno wokha. Dziwani kuti mafuta osapsa a mu silinda yogona amatsuka oyilo wa m'mbali mwa silindayo n'kutsikira pansi kukasungunula oyilo yense. Sololani kachitsulo koyezera oyilo mununkhize. Kakamanunkha petulo, kapena oyilo akaoneka kuti wachuluka musanathiremo, musasenzetse katundu. Mukakonza vutolo, khuthulani oyiloyo ndi kusintha fyuluta yake tsiku lomwelo, ngakhale nthawi ya sevisi isanakwane.