Momwe mungakanganirane bwino za katswiri woposa onse mu timu ya dziko

Woyimbira akangoliza wezulo yomaliza, mkangano umayamba wokha: kodi ndani amene amanyamula timu ya dziko? Wina atchula Gabadinho Mhango. Wachikulire apukusa mutu n'kunena kuti ana inu simunamuone Kinnah Phiri. Wachitatu alowererapo ndi dzina la Ernest Mtawali, ndipo pomwe ola likutha mawu asasa, mitima yatentha, koma palibe amene wamva mnzake. Chimavuta n'chakuti anthuwa amakhala akuyankha mafunso osiyana, chonsecho aliyense akuyesa kuti funso ndi limodzi.

Mkangano umenewu ine ndimaukonda ndipo sindifuna kuti uthe. Mayina a osewera akale amafika kwa achinyamata kudzera m'mikangano yotereyi. Koma uli ndi kachitidwe kake, ndipo mukakatsata mudzabalalika mutatolapo kanthu.

Choyamba, gwirizanani funso

Musanatchule dzina la aliyense, funsanani kuti mukukamba za chiyani. Mafunso alipo atatu: katswiri wa nthawi zonse, katswiri wa timu imene ilipo panopa, ndi katswiri wa mpikisano umodzi. Mayankho ake sangafanane.

Mukati mukambe za mpikisano wa chikho cha Africa, Afcon, umene unachitikira ku Cameroon kumayambiriro kwa 2022, dzina la Gabadinho ndi lovuta kulikana. Anagoletsa zigoli zonse ziwiri pamene Flames inagonjetsa Zimbabwe 2-1, kenako anaponya mpira uja wochokera kutali kwambiri umene unadutsa pamwamba pa Yassine Bounou wa Morocco masewero atangoyamba kumene. Koma funso likakhala la nthawi zonse, zigoli zitatu za mpikisano umodzi zikuyenera kuima pambali pa zaka zambiri za anthu ena. Pamenepo nkhani yasintha. Sankhani funso limodzi, ndipo wina akalumphira ku lina m'katikati, mubwezeni mwaulemu.

Chachiwiri, werengani za mu yunifomu ya dziko

Apa ndi pamene mikangano yambiri imasokonekera. Munthu amabwera ndi mbiri ya wosewera ku kalabu yake n'kuyiika patebulo ngati umboni wa timu ya dziko. Esau Kanyenda anasewera ku Russia, ku Rostov ndi ku Lokomotiv Moscow. Mtawali anawala ku Bloemfontein Celtic ndi ku Mamelodi Sundowns, mpaka anakafika ku Toulouse m'dziko la France. Gabadinho anagoletsa zigoli 16 ali ku Orlando Pirates mu ligi ya South Africa ya 2019/20, n'kugawana mphoto ya womwetsa zigoli zambiri ndi Peter Shalulile. Zonsezi ndi zoona ndipo n'zonyaditsa. Zimationetsa luso la munthuyo. Koma funso lathu ndi lakuti anachita chiyani atavala yunifomu ya dziko lake.

Kusiyanitsa kumeneku si kupondereza osewera akunja. Mpira wa timu ya dziko ndi wina. Osewera amakumana masiku ochepa masewero asanachitike, ena atayenda ulendo wautali, ndipo amene ukusewera nawo si amene unazolowerana nawo sabata ndi sabata. Pali akatswiri amene ku kalabu amachita zodabwitsa koma akabwera kwawo amasowa pabwalo, ndipo pali ena amene ku kalabu ndi wamba koma nyimbo ya fuko ikangoyimbidwa amasanduka munthu wina. Ngakhale Lionel Messi anthu a ku Argentina anakhala zaka akumuyeza ndi Diego Maradona n'kumupeza woperewera, ngakhale anali atapata zikho zambirimbiri ku Barcelona, mpaka pamene anatenga Copa America mu 2021 ndi World Cup mu 2022.

Samalaninso mbali inayo. George Weah anapata Ballon d'Or, mphoto ya wosewera wopambana pa chaka, mu 1995, koma Liberia sinapiteko ku World Cup. Palibe wanzeru amene anganene kuti vuto linali Weah. Timu ikakhala yofooka, muyezeni munthu ndi zimene anachita iyeyo, osati ndi zikho zimene timu sinatenge.

Chachitatu, bweretsani manambala, koma muwafunse mafunso

Mkangano wopanda manambala umangokhala phokoso. Kinnah Phiri anagoletsa zigoli 71 m'masewero 117 a Flames, ndipo mpaka lero palibe amene wayandikira. Young Chimodzi anasewera masewero 159, kuposa wina aliyense. Manambala awiriwa akunena zinthu zosiyana. Loyamba likunena za kuopsa kwa munthu pagolo. Lachiwiri likunena kuti aphunzitsi osiyanasiyana, chaka ndi chaka, ankamuona kuti sangamusiye panja. Kukhalitsa kotero ndi luso nakonso, ngakhale anthu saliwombera m'manja.

Nambala iliyonse muyifunse kuti: zigolizo anagoletsa posewera ndi ndani, pa masewero otani, komanso zinthu zili pati? Chigoli chachisanu pa masewero opimana mphamvu sichilemera mofanana ndi chigoli chimene chasintha zotsatira. Mu June 2008, Chiukepo Msowoya anagoletsa kumapeto kwenikweni kwa masewero pa Kamuzu Stadium, Flames n'kugonjetsa Egypt 1-0. Egypt imeneyo inali itangotenga chikho cha Africa miyezi inayi m'mbuyomo. M'buku chigolicho chimalembedwa chimodzi basi, chofanana ndi china chilichonse, koma chinathandiza kutsegula njira imene inakathera ku Afcon ya ku Angola mu 2010. Ngati mnzanu akungowerenga kuchuluka kwa zigoli, mufunseni kuti atchule zitatu zimene zinali zofunika kwambiri. Amene akumudziwadi wosewera wake sachedwa kuyankha.

Chachinayi, yang'anani kumbuyo

Pano ndichedwapo, chifukwa ndi pamene timalakwira anthu ambiri. Maso athu amatsata mpira, ndipo mtima umasunga zigoli. N'chifukwa chake mkangano wa katswiri pafupifupi nthawi zonse umakhala wa osewera kutsogolo. Si ife tokha. Chiyambireni mphoto ya Ballon d'Or, goloboyi amene anaipatapo ndi mmodzi yekha, Lev Yashin, mu 1963. Fabio Cannavaro ataipata mu 2006, anthu anadabwa chifukwa anali wotchinga kumbuyo, chonsecho aliyense anali ataona mmene anatsogolera Italy mpaka kutenga World Cup.

Kumbukirani masewero a Flames ndi Senegal ku Bafoussam, pa Afcon ya ku Cameroon ija. Anathera 0-0, ndipo pointi imeneyo ndi imene inafikitsa mapointi athu pa anayi, n'kutilowetsa m'ndime ya matimu 16 koyamba m'mbiri. Senegal inali ndi Sadio Mané, ndipo ndi yomwe inadzatenga chikhocho. Amene anasankhidwa kuti wasewera bwino kuposa onse tsiku limenelo anali goloboyi Charles Thom. Tsono ngati mukuti Gabadinho ndiye anatipititsa patsogolo, muli ndi mfundo, koma zigoli zake ziwiri za Zimbabwe zinabweretsa mapointi atatu. Yachinayi inachokera kumbuyo. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Nanga wotchinga kumbuyo kapena wapakati mungamuyeze bwanji, popeza ntchito yake siyilembedwa pa bolodi? Chitani izi. Pezani kanema wa masewero amene mukudziwa kale zotsatira zake, kuti mtima usathamange. Sankhani munthu mmodzi, ndipo kwa mphindi khumi musayang'ane mpira, yang'anani iyeyo. Onani pamene waima mnzake akataya mpira. Onani ngati amacheuka asanalandire mpira, kapena amayamba walandira kenako n'kumafufuza wom'patsira. Onani dzanja lake: kodi akuloza, akukankhira anzake kutsogolo, akuitana wa kumbali kuti abwerere? Wotchinga wabwino kawirikawiri sagwa pansi kutsetsereka, chifukwa amakhala atafika kale pamalopo mpira usanafike. Mukachita zimenezi kawiri katatu mudzamvetsa chifukwa chake amene anamuona Jack Chamangwana kapena Peter Mponda salola kuti mayina amenewa asowe pa mkanganowu.

Anzathu a ku Zambia ali ndi chitsanzo chabwino. Atatenga chikho cha Africa mu 2012 ku Libreville, wosewera wopambana pa mpikisano wonse anali kaputeni Christopher Katongo. Koma masewero omaliza ndi Ivory Coast anathera 0-0, n'kupita kumapenate, 8-7. Goloboyi Kennedy Mweene anagwira penate komanso anagoletsa yake, ndipo yomaliza anamwetsa ndi wotchinga kumbuyo, Stoppila Sunzu. Mukamufunsa munthu wa ku Zambia kuti katswiri wa usiku umenewo anali ndani, konzekerani kukhala pansi nthawi yaitali.

Chachisanu, musayeze mibadwo ndi muyezo umodzi

Malawi yapita ku Afcon katatu: 1984, 2010 ndi mpikisano wa 2021, uja unachitikira ku Cameroon mu 2022. Koma khomo lolowera silinali lofanana. Mu 1984 ku Ivory Coast kunali matimu asanu ndi atatu okha mu Africa monse. Mu 2010 malo anali 16. Ku Cameroon anali 24, ndipo ngakhale timu yothera pachitatu m'gulu inkatha kupitirira, monga mmene ife tinachitira. Choncho wachinyamata akamati m'badwo wa Gabadinho ndi wokhawo umene unadutsa ndime ya m'magulu, akunena zoona, koma akumbukire kuti a 1984 kungofika kokha kunali kukhala m'gulu la matimu asanu ndi atatu apamwamba. Anakafanana mphamvu ndi Nigeria 2-2.

Wachikulire nayenso ali ndi ngongole yake. Masewero ambiri a m'ma 1970 anthu anawamvera pa wailesi, ndipo makanema ake ndi osowa. Chimene munthu anamva ali mnyamata chimakula naye limodzi. Akamakuuzani za Kinnah, musamutsutse mwachipongwe, koma mufunseni zenizeni: masewero ake ati, chaka chiti, anagoletsa motani? Pali zogwirika zimene angaloze. Flames inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 itagonjetsa Zambia 3-2, n'kuchitetezanso mu 1979, kenako kuchitenganso mu 1988. Mu 1987 inapata mendulo ya malo achitatu pa All-Africa Games ku Nairobi. Izi ndi zikho ndi mendulo, si nthano.

Malamulo nawonso anasintha. Isanafike 1992, goloboyi ankaloledwa kugwira ndi manja mpira wom'bwezera mnzake ndi phazi, ndipo otchinga kumbuyo ankaloledwa kusewera mwankhanza kuposa lero. Njira yachilungamo ndi kufunsa kuti munthuyo anawaposa motani anzake a nthawi yake. Kufunsa kuti akadasewera lero bwenzi atachita chiyani n'kungotaya nthawi, palibe angayankhe.

Chachisanu ndi chimodzi, vulani malaya a kalabu

Izi n'zachidule koma n'zovuta. Wa Maule amaona katswiri mwa wosewera wa Bullets, wa Manoma mwa wa Wanderers, wa Silver Strikers chimodzimodzi. Dziyeseni motere: tchulani wosewera wa timu imene mumaida amene mungamuike mu Flames yanu ya nthawi zonse. Ngati dzina likukana kutuluka, ndiye kuti simukukamba za timu ya dziko. Ndipo za kwawo kwa wosewera, chigawo kapena mtundu wake, zisalowemo n'komwe. Mkangano ukafika pamenepo, usiyeni.

Pomaliza, kambiranani mosinthana

Aliyense atchule dzina limodzi ndi zifukwa zake, anzake ali chete. Akamaliza, wotsutsa ayambe wanena mfundo yamphamvu kwambiri ya mnzakeyo m'mawu akeake, mpaka mwiniwake avomere kuti inde, ndi zimene ndimatanthauza. Akatero ndiye atsutse. Kachitidwe aka kamachedwetsa nkhani, koma kamachotsa chizolowezi chomangodikira kuti mnzako apume kuti iwe ufuule. Kenako aliyense anene chimene chingamusinthe maganizo. Amene akuti palibe chingamusinthe, ameneyo akuchemerera, sakutsutsana.

Njira yomweyi yesaninso pa Scorchers, timu ya dziko ya amayi, chifukwa kumeneko mkangano wake ndi wokoma zedi, wa pachibale. Tabitha Chawinga anakhala womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya Italy ali ku Inter Milan, kenako mu ligi ya France ali ku Paris Saint-Germain. Mng'ono wake Temwa anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana. Zonsezi ndi za kumakalabu. Mukabwera ku yunifomu ya dziko, wa Temwa adzakukumbutsani chikho cha Cosafa cha 2023, chimene Scorchers inatenga itagonjetsa Zambia 2-1, iye ali patsogolo pa omwetsa zigoli. Wa Tabitha adzanena za zaka zimene wakhala akutsogolera timuyi ngati kaputeni.

Kwa ine, funso likakhala la Flames ya nthawi zonse, dzina langa ndi Kinnah Phiri. Zigoli 71 zija zinabwera limodzi ndi zikho ziwiri zotsatizana, ndiye simunganene kuti ankangodzikundikira. Mfundo yamphamvu yomutsutsa ndimaidziwa: sanasewereko pa mpikisano weniweni wa Afcon, pamene Chimodzi ndi Gabadinho anafikako. Kuti anatitengera ku Angola mu 2010 n'kugonjetsa Algeria 3-0, zimenezo sindiziwerengera pano, chifukwa anachita ali mphunzitsi. Ndidzasintha maganizo tsiku limene wosewera wina adzatifikitse mu ndime ya matimu anayi omaliza a Afcon, iye ali pakati pa zonse, ngakhale atakhala goloboyi wopanda chigoli n'chimodzi chomwe.